Lekeleni ndi Ufumu wa Pakamwa Pawiri

Padangotero, kalekale, mapiri asanagwirizane kuti lalitali likhale liti, kunali dziko lotchedwa Chisendera. Dzikoli linali ndi mafumu awiri pa mpando umodzi. Musaganize kuti anthu ake ankakonda phokoso, ayi, anachita kupsa. Makolo awo anali ndi mfumu yolamula yokha, imene tsiku lina inadzuka ndi nzeru yakuti anthu azibzala mawere okazinga kuti azikolola zakupsa kale. Palibe anaitsutsa. Chaka chimenecho anthu anadya mizu ndi makungwa, ndipo opulumuka anapangana kuti lamulo lisadzatulukenso pakamwa pamodzi.

Mwambo wake unali wotere. Mfumu ikangomera imvi, inkatenga mwana wa mlongo wake, amene adzalowe ufumu, n'kumukhazika pa mpando womwewo. Polamula, wamkulu ankayamba mawu mpaka pakuti "ife tikuti", wamng'ono n'kutsiriza. Mawu opanda mathero sanali lamulo, anali kutsokomola chabe. Panalinso choletsa chimodzi: wina mwa awiriwa asawoloke yekha mtsinje wa Msambanyani, chifukwa kutsidyako kunali Chidyamafumu, chilombo cha mitu isanu ndi iwiri chimene ndiwo yake inali mafumu basi.

Pa nthawi ya nthano yathuyi, pampandopo panali Mfumu Tsokalida ndi mphwake Dzinkambani. Tsokalida anali wa mawu ambiri. Akayamba kulamula m'mawa, mbuzi zinkabwerako kubusa asanafike pa "ife tikuti". Dzinkambani anali wopupuluma, ndipo podikira nthawi yonseyo mtima unkamuwira, n'kutsiriza mawuwo mobwezera.

"Munthu uyu waba mbuzi ya mnzake," anatero Tsokalida tsiku lina, atafotokoza mbiri ya mbuziyo, amake ndi agogo ake, "ndiye ife tikuti..."

"...apatsidwe chingwe chomangira!" anatsiriza Dzinkambani.

Wakubayo anapatsidwadi chingwe, napita kwawo akuthokoza. Lamulo ndi lamulo.

Atambala awiri salira m'khola limodzi, koma awa analibe khola lina. Anasiya kulankhulana, nayamba kukhala pampandopo mofulatirana. Zonse zimene sizinali malamulo ankatumizirana kudzera mwa Lekeleni, mlongo wake wamng'ono wa Dzinkambani, kamtsikana kouma miyendo kamene ntchito yake inali kuzungulira mpando. "Kamuuze mlongo wako kuti akundigunda ndi chigongono." "Kawauze atsibweni kuti chigongono n'changa." Ulendo wake unali wa mapazi atatu, koma pofika madzulo ankatopa ngati wayenda dziko lonse. Kubwalo palibe ankamuwerengera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe dzina lake.

Tsiku lina mitambo itayamba kuda, Dzinkambani anatopa. Ankalakalaka kamodzi kokha m'moyo wake kuyamba mawu yekha n'kutsiriza yekha. Atsibweni ake atangowodzera masana, iye anatsika pampando mwakachetechete, nawoloka Msambanyani, nakwera pachulu, nakuwa kuuza anyani ndi mitengo: "Ine Dzinkambani ndine mfumu ndekha, ndipo ndikuti nonsenu mundiwombere m'manja!"

Anyani sanawombe. Chimene chinawomba ndi dzanja lalikulu ngati denga, limene linatuluka m'nkhalango n'kumutola monga mmene munthu amatolera chiwala. Amayi amene ankatola nkhuni tsidya lino anamumva akulira m'mwambamo: "Theka chabe! Ndine theka chabe!"

Madzulo omwewo mvula yoyamba inagwa.

M'mawa mwake Tsokalida anaitana asilikali. Anabwera ndi mikondo yawo, atadzipaka matope kumaso, okonzeka kufa. "Mphwanga wagwidwa ndi chilombo," inatero mfumu, ndipo kwa nthawi yoyamba inafupikitsa, "ndiye ife tikuti..."

Kunangoti zii. Asilikali anayang'ana mbali yopanda munthu ya mpando. Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu, kenaka anapita kwawo kukasamba matope aja.

Vuto lalikulu linali kumunda. Ku Chisendera mbewu sinkalowa m'nthaka mafumu awiri asananene, ndipo aliyense ankadziwa kuti yobzala mwakuba imamera udzu. Kuika wolowa ufumu wina sikunkathekanso, popeza mwambo unkafuna manda a woyambayo aoneke kaye. Nangondo, mlongo wake wa mfumu, amene analinso mayi wa Dzinkambani ndi Lekeleni, anafumbata dothi m'manja naliyang'ana. "Chinyezi ichi ndi cha masiku khumi," anatero. "Akapitirira, chaka chino tidyanso makungwa."

Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse Tsokalida ankakwera pachulu cha kubwalo, n'kuyang'ana kumtsinje, n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse: "Mvula yagwa, nthaka yafewa, ife tikuti...!" Kenaka ankatchera khutu, mwina mphepo ingabweretse mathero. Anthu ankaima m'mphepete mwa minda ndi makasu ndi zikwatu za mbewu. Zinali zoseketsa tsiku loyamba, koma lachiwiri palibe anaseka.

Lekeleni anapita kwa amake. "Amayi, ine ndikukawatenga achimwene."

Mkulu wa asilikali anamva, naseka mpaka kugwira nthiti. "Chalaka bakha nkhuku singatole, mwana iwe. Ndipo wakulamula ndani?"

"Palibe, bambo," anatero Lekeleni. "Inu mumayenda ndi lamulo. Ine chibadwire ndimangotumidwa, lero ndadzituma ndekha."

Akuluakulu anafufuza mwambo wonse, koma sanapeze pamene makolo analetsa kamtsikana kuwoloka mtsinje, chifukwa makolowo sanakaganizire n'komwe. Nangondo analira, nam'mangira nzama zophika m'kansalu ka nyanda. "Ndatayapo mmodzi, mwanawe," anatero. "Usandichititse kuti ndiwerenge awiri."

Lekeleni anawoloka Msambanyani. Anayenda, nayenda, minga ikum'ng'amba, mitsinje ikumufika m'khosi. Tsiku lachitatu la ulendo wake anafika pa mpata wopapatiza pakati pa matanthwe awiri, napeza njira yatsekedwa ndi chinjoka chachitali, chonenepa ngati mtondo, chokhala ndi mutu kuno ndi mutu uko. Chinali chitatuwa ndi fumbi, milomo yonse iwiri itang'ambika ndi ludzu.

"Apa sapita munthu osamasula chilape," unatero mutu wa kum'mawa. "Ukalephera ndikumeza."

"Ndimeza ndine," unatero mutu wa kumadzulo. "Iwe unameza kale mlenje uja."

"Mlenje uja analowa m'mimba mwa tonse!"

Lekeleni anangokhala pamwala n'kuyamba kudya nzama zake. Anamva ngati ali kwawo. Itatopa kukangana, mitu iwiriyo inati pamodzi: "Chilape!"

"Nachize," anayankha.

"Ana awiri a bambo mmodzi apikisana tsiku lonse. Uyu akatsogola, mnzake amupitirira. Koma kumudzi afika limodzi."

"Miyendo," anatero Lekeleni, osasiya kutafuna. "Koma agogo, mundikhululukire. Chilape chanzeru chotere mukuchidziwa, nanga ludzu likukupherani chiyani?"

Njokayo inachita manyazi mbali zonse ziwiri. Inaulula kuti inali pamenepo chiyambire chaka cha dzombe. Mutu wina unkafuna kukamwa kumtsinje, wina kudziwe, ndipo chifukwa chokokana sinasunthe ngakhale phazi limodzi.

"Chitani za miyendo," anatero Lekeleni. "Lero atsogole mmodzi, mawa winayo. Ndipotu wotsogola ndiye wantchito. Wam'mbuyo amangokokedwa ali mtulo ngati mwana wa mfumu."

Apo mkangano unatembenuka, mutu uliwonse ukufuna kukhala kumbuyo. Koma ludzu ndi ludzu. Mutu wa kum'mawa unanyinyirika, nuyamba kukwawa, ndipo njoka itangosuntha, khungu lake lakale linatsala pansi lonse lathunthu.

"Tenga limenelo, mdzukulu," unatero mutu wa kumbuyo ukukokedwa mosangalala. "Ukalifunda n'kutchula chamoyo chilichonse, usanduka chomwecho. Koma kawiri kokha. Ndipo mukadzafunda awiri, mudzadziwa mavuto athu."

Lekeleni anapinda khungulo napitiriza ulendo. Patsogolo anapeza chiphompho chakuya moti mwala ukaponyedwa sunkamveka pofikira. Kutsika ndi kukwera tsidya linalo kunamudyera masiku awiri athunthu, ndipo anakwera akulira ndi mkwiyo poona masiku akutha. Tsiku lachisanu ndi chiwiri chigwere mvula, dzuwa lili pamutu, anafika pakhomo pa Chidyamafumu.

Chilombocho chinali gone pakhomo pa phanga lake. Miyendo yake inali ngati milambe iwiri, mkonono wake unkagwetsa masamba. Pakati panali mutu waukulu wa ndevu zoyera ndi mano otsala atatu, umene unkatchedwa Gogomutu. Uwu ndiwo unamera poyamba, ndipo ndiwo unkalamula thupi lonse. Mbali ndi mbali kunali mitu ina isanu yongovomereza. Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi nkhwapa ya kumanzere, kunali kamutu kakang'ono kowonda, kotchedwa Kamutu, kamene pa chakudya kankalandira mafupa ndi fungo.

Pambali panali nkhokwe yaikulu ya chitseko cha mwala, ndipo m'katimo munkamveka munthu akulamula. Lekeleni anasuzumira pa kampata. Dzinkambani anali khale pa mulu wa mtedza, masaya atatupa ngati maungu.

"Achimwene!"

"Lekeleni? Wabwera ndi asilikali angati?"

"Ndabwera ndi nzama, koma zatha. Bwanji sichinakudyeni?"

"Chikuti sichidya theka la mfumu, chimachita nalo chilungulira. Chikundinenepetsa kaye, mwezi ukaoneka chikatenge atsibweni kuti chitidyere pamodzi." Anakanda m'mutu. "Komatu muno si moipa kwenikweni. Ndimayamba mawu ndekha n'kutsiriza ndekha."

"Amakumverani ndani?"

Dzinkambani anayang'ana mtedza. Mtedza sunayankhe.

"Kwathu anthu aima ndi makasu m'minda masiku asanu ndi awiri," anatero Lekeleni. "Atsibweni akukuwa pachulu tsiku ndi tsiku kudikira inu. Kwatsala masiku atatu."

Nkhope ya Dzinkambani inagwa. Anayesa kukankha chitseko, mlongo wake akukoka, koma mwalawo sunamve n'komwe kuti wakhudzidwa.

Lekeleni anayang'ana chilombocho nthawi yaitali: mitu isanu ndi iwiri, wolamula umodzi. Iye analibe mkondo, koma panali chinthu chimodzi chimene ankachidziwa kuposa munthu aliyense padziko. Anafunda khungu lija nati, "Nkhupakupa!" Pomwepo anafota, nakhala kanthu kakang'ono ngati njere ya mapira. Anakwawa pamwendo, nadutsa m'nkhalango ya ubweya, napirira fungo la m'nkhwapa, mpaka analowa m'khutu mwa Kamutu.

"Kamutu," ananong'ona, "unadya liti mnofu?"

"Sindinadyepo," Kamutu anayankha ali m'tulo.

"Agogo akowo mano atsala atatu, koma chiwindi cha mfumu adya okha. Iwe mano makumi anayi, ukutafuna fungo. Kumaiko a anthu otsogola, wamkulu amagawana ufumu ndi wamng'ono akadali moyo. Iwe udikira mpaka liti? Mutu wa pakhosi limodzi ndi iwe ukadzafa, si ndiye kuti nawenso wafa?"

Kamutu anadzidzimuka, maso ali tong'o. Zimenezo anali asanaziganizepo.

Lekeleni anatsika, navula khungu kuseri kwa thanthwe, nadzikonza bwinobwino, nabwera poyera akuwomba m'manja. "Odi kuno! Odi eni mudzi!"

Mitu yonse inadzuka. Gogomutu ananunkhiza. "Ndiwe mfumu?"

"Ayi agogo, ndine wotumidwa."

"Otumidwa sitidya, ndi mitsempha yokhayokha. Ufuna chiyani?"

"Ndabwera kudzaona ndi maso anga, chifukwa kwathu anthu akuseka. Akuti chilombo chachikulu chotere, choopedwa dziko lonse, chimalamulidwa ndi pakamwa pamodzi ngati khola la nkhuku. Ine ndimakana, ndimati n'zabodza. Pajatu mutu umodzi susenza denga."

"Tili nayo isanu ndi iwiri," anatero Gogomutu monyada.

"Wolankhula ndi umodzi!" anakuwa Kamutu. Mitu ina isanu inadabwa, chifukwa inali isanamvepo mawu ake. Kenaka inayamba kung'ung'udza kuti mwanayo akunena zoona.

"Ndipo pali china," anapitiriza Lekeleni. "Mukufuna kudya mafumu a pakamwa pawiri inu muli a pakamwa pamodzi. Theka lokha mukuti chilungulira. Nanga onse awiri? Mudzatupidwa mpaka kuphulika. Koma mukachita mwambo wathu, adzatsika bwinobwino ngati phala. Wamkulu amapumanso, amangoyamba mawu, zotopetsa zotsiriza n'kusiyira mwana."

Gogomutu anaganiza. Kupuma ankakufuna, ndipo kutupidwa ankakuopa. Anayang'ana mitu yonse kufuna wofatsa woti adzamupondereze, nasankha Kamutu. Nkhalamba zambiri zalakwitsa pomwepa.

Lekeleni anayendetsa mwambo wonse mwaulemu, nawonjezera zake pang'ono. Anati dzanja ndi mwendo wa kumanja zikhale za Gogomutu, za kumanzere za Kamutu. Anawalumbiritsa pa mmero wawo, lumbiro limene chilombo sichingabweze. Kenaka anabwerera m'mbuyo mapazi khumi, chifukwa ankadziwa chimene chikubwera.

Gogomutu anakonza kukhosi. "Tadzuka ndi njala, ndiye ife tikuti..."

"...kuyambira lero chakudya chonse chizilowera pakamwa panga!" anatero Kamutu.

"Iwe mwana! Si zimene ndimati ndinene!"

"Mukanafuna kunena mukanakhala wotsiriza, agogo."

Gogomutu anayesanso. "Ana amwano ayenera kulangidwa, ndiye ife tikuti..."

"...nkhalamba zimetedwe ndevu!"

Dzanja la kumanzere linanyamuka n'kuzula ndevu zodzaza mtanga. Dzanja la kumanja linabwezera khofi, koma linaphonya n'kumenya mutu wachitatu, umene unaluma wachinayi, umene unalavulira wachisanu. Fumbi linakwera mpaka mbalame zinasamuka.

"Watisokoneza ndi mtsikana uyu!" anabangula Gogomutu. "Ife tikuti..."

"...apatsidwe mphatso imene afuna!"

"Zikomo mafumu," anatero Lekeleni atagwada. "Ndingotenga zimene zili m'nkhokwemo."

Dzanja la kumanzere linatsekula chitseko. La kumanja linatseka. La kumanzere linatsekulanso, la kumanja linatsekanso, mpaka mwala uja unasweka pakati. Dzinkambani anagubuduka panja pamodzi ndi mtedza, mlongo wake namugwira dzanja, naliyatsa liwiro.

Kunena zoona, amene ankathamanga ndi Lekeleni. Dzinkambani ankangogwedera pambuyo ngati thumba, akupuma ngati mvukuto, akutemberera mtedza uliwonse umene anadya. Anali atatsala pang'ono kufika kuphompho kuja pamene Kamutu anazindikira kuti mnofu woyamba wa moyo wake ukuthawa.

"Agogo, yambani mawu msanga!"

"Ndiwo yathu ikupita," analira Gogomutu, "ife tikuti..."

"...tiigwire!"

Njala inawagwirizanitsa. Nthaka inayamba kugwedezeka, di! di! di! mitengo ikuthyoka ngati mapesi. Ana aja anafika m'mphepete mwa phompho, kumbuyo chilombo, kutsogolo imfa. Lekeleni anatambasula khungu lija, nafunditsa onse awiri, nakuwa: "Nkhwazi!"

Anasanduka chinkhwazi chimodzi cha mitu iwiri, wina wowonda wina wa masaya, aliyense ndi phiko lake. Anadziponya m'phompho. Dzinkambani anayamba kukupiza mwaphuma, Lekeleni mwapang'onopang'ono, ndipo mbalameyo inayamba kuzungulira ikutsika ngati tsamba louma.

"Achimwene, mverani ine! Ndikati 'tsitsa' mutsitse, ndikati 'kweza' mukweze!"

"Ukulamula ine? Ine ndine mfumu!"

"Theka! Ndipo phiko lanulo ndi thekanso! Mukufuna kukalamulira pansi apo?"

Dzinkambani anayang'ana pansi, naona miyala ikukula. Anatseka mlomo. "Tsitsa!" anatsitsa. "Kweza!" anakweza. Mphepo inalowa pansi pa mapiko onse awiri, ndipo anakwera, nakwera, mpaka phompho linatsala pansi pawo ngati mng'alu wa mphika.

Chidyamafumu chinafika m'mphepete chili pa liwiro. Gogomutu ankalidziwa phompholo kuyambira ubwana wake, ndipo ankadziwa kuti silidumphika. Akanakhala wanzeru akanangotseka pakamwa. Koma ndi mfumu iti inaonapo nkhani n'kukhala chete?

"Phompho ili n'lalikulu kwambiri," anatero, akufuna kuti alizungulire, "ndiye ife tikuti..."

"...tilidumphe!"

Mwendo wa kumanzere unadumpha ndi mphamvu zonse za mwana amene sanadyepo mnofu. Mwendo wa kumanja unakakamira pathanthwe ndi mphamvu zonse za nkhalamba yosafuna kufa. Kunamveka phwaa! Chilombo chinang'ambika pakati ngati dzungu lakupsa, mbali zonse ziwiri n'kugwera m'phompho. Zikugwa choncho, mitu inkamvekabe ikukangana kuti wolakwa ndani, mawu akunka nachepa, mpaka kunangoti zii. Uko ndiko kunali kutha kwa Chidyamafumu.

Nkhwazi ija inauluka masiku awiri. Mapewa anawawa, khungu linayamba kung'ambika, nthenga zikuthothoka imodziimodzi. Tsiku lachiwirilo Dzinkambani anati, "Watopa, Lekeleni. Ndiwerengeko ine?" Anawerenga bwino ndithu, mofatsa, akumvetsera kupuma kwa mlongo wake. M'mawa wa tsiku lakhumi khungu linatheratu ali pamwamba pa Msambanyani, nagwera m'madzi, khuvu! ali anthu awiri.

Amayi a pamtsinje anaimba nthungululu. Mbiri inathamanga kuposa moto wa lupsa. Anthu ananyamula Lekeleni pamapewa, asilikali omwe aja akuvina kutsogolo ngati anapha chilombo ndi iwo. Nangondo anagwira ana ake onse awiri, kuwaweramitsa, kuwanunkhiza m'mutu, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Nditsitseni," anatero Lekeleni. "Dothi likuuma."

Onse anathamangira kubwalo. Tsokalida anali pachulu paja. Masiku khumi anamudya kuposa zaka khumi: ndevu zosapesa, maso ofiira, nsalu ikulendewera pathupi. Anaona mphwake akukwera chulucho. Anaimirira mowongoka, natambasula dzanja kwa anthu, natsekula pakamwa kuti ayambe mawu obzalira.

Sipanatuluke kanthu. Anayesanso, panangotuluka mphepo. Mawu ake onse anali atathera kumtsinje, kuitana mwana wa mlongo wake.

Anthu anayang'anana ndi mantha. Wotsiriza wabwera, woyamba wasowa mawu. Dzinkambani anagwada pamaso pa nkhalambayo, misozi ikutsika pa masaya a mtedza aja.

"Atsibweni, ndinalakwa ine. Yesaninso pang'onopang'ono. Ngakhale mufotokoze mbiri ya mvula ndi agogo ake, ndidikira."

Tsokalida anapukusa mutu. Anamudzutsa, namukokera pafupi, nanong'ona m'khutu mwake mawu amene mfumu ya Chisendera inali isananenepo kwa mphwake: "Yamba ndiwe, mphwanga. Ine anditsalira amodzi okha."

Dzinkambani anayang'ana amake, amene anali wosunga mwambo. Nangondo anapukuta m'maso. "Makolo anati pakamwa pawiri," anatero. "Ndikuona pawiri."

Tsono mnyamata uja amene anawoloka mtsinje chifukwa cholakalaka kuyamba mawu, atapatsidwa mpatawo ananjenjemera ngati mwana wa nkhuku wonyowa. Komabe anakweza mawu: "Mvula yagwa, nthaka yafewa. Mbewu yoyamba, imene amaponya mafumu, chaka chino ndi zaka zonse aziponya ndi Lekeleni, mwana wa Nangondo, amene anapita kumene mikondo sinapite. Ndiye ife tikuti..."

Dziko lonse linatchera khutu. Ana anatsekedwa pakamwa, agalu anagwiridwa milomo, ngakhale nkhuku zinaima ndi mwendo umodzi. Nkhalamba ija, imene moyo wake wonse inalankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo anthu akuwodzera, inatsamira paphewa la mphwake, nisonkhanitsa mpweya wonse umene inatsala nawo.

"...bzalani."

Anali mawu ochepa ngati kugwa kwa tsamba, koma anamveka mpaka kumunda wa kumapeto. Lekeleni anatapa mawere m'chikwatu cha amake, nawerama, nawaponya m'nthaka. Dothi linali likadali lonyowa.

Nthano yanga yafika pamalire a munda, wokhala ndi khasu alowe.